Khutu la Agatha Mulepa

Ku Muloza aliyense ankadziwa kuti Agatha Mulepa ali ndi khutu. Njinga ya kabaza ikamadutsa kuseri kwa nyumba, iye ankatchula mwiniwake pongomva tcheni. Mwana akalira kutsidya kwa msewu, ankanena kuti ndi wa ndani, ndiponso ngati ndi njala kapena kungofuna kumsana. Anthu ankamuseka kuti miseche imamupeza isanatuluke pakamwa.

Khutu lomwelo ndi limene linamupweteketsa. Namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri, nyumba ya mng'ono wake inakwiririka. Sungani, khanda la mng'ono wakeyo, sankaoneka. Amuna okumba anamva kanthu kakulira pansi ndipo anaitana Agatha. Iye anagwada, anagunditsa khutu pamatope, n'kunena kuti, "Ndi kambuzi aka." Makasu anali ochepa, malo okumba ambiri. Amuna aja anapita kwina. Sungani sanapezeke mpaka lero, ndipo palibe amene anamudzudzula Agatha. Kukhala chete kwa anthuko kunamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Chaka chatha msuweni wake wa ku Blantyre anamupezera ganyu wapafoni. Eni ntchitoyo amamutumizira mawu ojambulidwa pansi pa madzi kumaiko akutali, a nyama yotchedwa manati, yonenepa ngati mvuu, yodya udzu wa m'madzi ndi kuyamwitsa ana ake. Ntchito yake ndi kumvetsera n'kusankha: uyu ndi mwana akuitana make, uyu ndi wamkulu, uku ndi kutafuna, ili ndi phokoso la boti. Nyamayo sanaionepo ndi maso, koma mawu ake anawazolowera msanga. Mwana wa manati amalira mokweza pang'ono, n'kutsitsa, kenako amadikira yankho. Kudikirako ndi kumene Agatha amadana nako.

Patatha mwezi, eni ntchito anamulembera momuyamikira kuti pa mawu 100 alionse amalakwitsa awiri okha. Wina akanavina. Iye anafunsa kuti awiriwo ndi ati, koma sanamuyankhe.

Lachitatu lina masana, dzuwa lili paliwombo, Agatha anali pakhonde ndi foni yake. Kamwana ka manati kanaitana, kanadikira, kanaitananso. Anasankha bwinobwino, n'kuvula mahedifoni kuti makutu apume. Kulira kuja sikunasiye. Anathimitsa foni, koma kunapitirirabe. Kunkachokera kumtunda, pakati pa miyala ija inakwirira nyumba ya mng'ono wake, pomwe mlamu wake, bambo a Sungani, tsopano amalimapo nandolo.

Agatha anakwera, wopanda ndi nsapato zomwe, n'kukagwada pakati pa mizere.

Mlamu wakeyo anasiya kupalira. "Mwamva chiyani, alamu?"

"Bwerani nalo khasulo," anatero Agatha.

"Papita zaka ziwiri, alamu. Ndi chiyani chimene mwamva?"

Agatha sanachotse khutu pansi. "Musandifunse ine kuti ndi chiyani. Ingokumbani."