Maliro Opanda Mtembo

Ndili pasukulu ku Nairobi, ndinkayimba m'kwaya ya Amalawi yomwe inkakumana Loweruka masana ku Embakasi, kunyumba kwa mkulu wa kwayayo. Anali bambo a imvi, ogwira ntchito kubungwe lina lotumiza chakudya kumadera a nkhondo. Paunyamata wawo ankaliza lipenga m'bandi, ndiye tikamaliza kuphunzira nyimbo ankatiikira kaseti ya bandi ina yakale ya ku Amereka. Ankati mwini bandiyo anakwera kandege tsiku lachifunga, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kuti akayimbire asilikali kutsidya kwa nyanja. Sanafike, ndipo ngakhale phiko la kandegeko silinapezeke. Akazi a mkulu wa kwayayo sankaikonda nkhaniyi. Ikangoyamba, ankatolera makapu n'kulowa kukhitchini.

Mwezi wina bambowo anatumidwa kummwera kwa Sudan. Lachisanu lake mayiwo anandiimbira foni kuhositelo.

"Mwanangu, bwera kuno. Akuti ndege ya abambo ako sinatere."

Ndinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, osasintha n'zovala zomwe, ndipo ndinakakhala nawo masabata atatu. Nyumbayo inali pafupi ndi bwalo la ndege. Ndege iliyonse ikamadutsa pamwamba pa denga, mayiwo ankadukiza mawu pakamwa mpaka phokoso litazilala. Akubungwe ankabwera ndi timawu tofatsa: mwina anaiwombera, mwina inagwera m'dambo. Koti akafufuzeko kunali kosapitika chifukwa cha nkhondo.

Patatha miyezi iwiri, akuluakulu a mpingo anabwera kudzakamba za mwambo wa maliro.

"M'bokosimo muikamo chiyani?" anafunsa mayiwo.

Abusa anangoyang'ana pansi.

Mwambowo unachitikabe chifukwa achibale kumudzi anaumirira. Ine ndi amene anandisankha kutsogolera nyimbo. Ndinakweza manja, kwaya n'kuyamba, koma mayiwo anakhala kumbuyo kwenikweni atavala chitenje chowala, kukamwa kuli kotseka. Ndinadziona ngati ndikuthandiza kukwirira munthu wamoyo, moti ndime yachiwiri ndinaisokoneza.

Chaka chitatha mayiwo anabwerera ku Malawi. Tikutsanzikana pabwalo la ndege, anandipatsa kapepala kolembapo adiresi ya kwawo ku Ntcheu kuti ndikasiye kwa mwini nyumba imene ankachita lendi.

"Akabwera asavutike pondifuna," anatero.

Ndinakaperekadi. Mwini nyumbayo anakapinda n'kukaika m'thumba la malaya, kenako anandifunsa m'Chiswahili ngati ndikudziwa Mmalawi wina wofuna nyumba.