Malangizo ya Munthu wa Manja Yatatu

Nchito yanga pa fakitale ina ku Industrial ni kulemba malangizo ya makina: tsegula apa, dinya apa, apa osagwira. Mabuku yamene palibe amawerenga. Imodzi ninaipeza pansi pa mwendo wa tebulo mu kantini, ndipo kukamba zoona, tebulo inaima bwino.

Mwezi wanga wachitatu pa nchito ba bwana bananiitana. "Iwe, pa Mande m'mawa uzaimilira pamaso pa anthu ba ku pampu, ubafotokozere pepala yako yatsopano. Bakapanda kumva, siniziwa chamene tikusungira pano." Ninali nikali pa mayeso, kalata ya nchito inali isanatuluke.

Pakamwa nili napo, funsani mu basi ya kwathu ku Estates. Koma amuna makumi yawiri ovala maovolosi bakaniyang'ana pamodzi, mau yamathawira m'mimba. Chamene ninali nacho chabe ni gulu ya masewero ya ku sukulu, kumene mu zaka zinayi ninasewera mtembo kawiri na mtengo kamodzi. Ba madamu bamene benze kutiphunzitsa banali na lamulo imodzi: osakamba chinthu chamene thupi yako siichita. Ukati wagwa, igwa.

Pa Mande ninati lekani nichite chabe monga sewero. Pampu inali yozimitsa. Ninapatsa pepala ba mdala bena, bamene banayamba kugwira pampu ija ine nisanabadwe, kuti bazibelenga, ine nizichita.

"Gwira valavu na manja yonse yawiri," banabelenga.

Ninagwira.

"Usanasiye, dinya batani yofiira."

Batani inali pa chipupa, kuseri kwa msana wanga. Ninatambasula mwendo, siunafike. Ninapinda khosi kuti mwina mphuno izathandiza. Chipewa chinagwa, magulovu yanatereka, ine pansi. Mtembo wachitatu. Banaseka mpaka nkhuku za ku mafamu ya ku Shimabala zinaleka kuikira mazira sabata yonse.

Ba mdala beve sibanaseke. "Mwana wanga, ku Estates mumabadwa na manja yangati?"

"Yawiri, ba mdala."

"Manje uyu wa manja yatatu wamulembera, azayamba liti nchito?"

"Munaziwa kuti siingachitike?"

"Tonse tinaziwa. Unatifunsa?"

Ba bwana banali pa khomo, manja m'thumba. Ninaganiza zothawa, koma ba madamu benze kukambanso kuti ukaiwala mau pa siteji suchokapo, umayang'ana mnzako. Ninanyamuka, nati, "Nilangizeni mwamene mumachitira."

Ba mdala banaitana mnzao. Mmodzi pa valavu, wina pa batani, wa pa valavu akuwa "manje", mnzake adinya. Zinatha apo. Ninalembera pa bondo, nabelenga mokweza kuti na wa kumbuyo amve, banakonza mau yawiri, bavomera. Pa Chisanu kalata yanga inatuluka.

Chamene sibananiuze ni chakuti nazigulira mavuto. Lomba pepala iliyonse nikalemba, niyamba naisewera nekha mu ofesi: kugwada, kukwawa, kukwera makwerero yamene palibe. Mayi wopanga tiyi aganiza nalowa chechi yatsopano, amasiya kapu pa khomo mwaulemu. Maondo yanga yafika zaka handiredi, ine nikali kumbuyo.

Buku ija ya mu kantini ikali pansi pa tebulo. Naileka. Ni yakale, ndipo nchito yamene igwira bwino ni yomweyo.