Nkhuku Zimene a Filomena Anakwirira

Ku Kaphuka, m'zaka za m'ma 1950, kunali mayi wina wouma mutu, a Filomena. Akuluakulu ankati mwana akadya dzira amagwa khunyu. Koma a Filomena anamva kwa asisitere kuti dzira limalimbitsa thupi, basi tsiku lililonse ankamuphikira limodzi mwana wawo Zilole, yemwe anabadwa wonyentchera.

Chaka china mlangizi wa zaulimi anabweretsa mankhwala a ufa woyera othira m'chimanga cha mbewu kuti chisafumbwe. Atabzala, mbewu inatsalako dengu lathunthu. Mlangizi uja anangoti anthu asadye, za nkhuku sanatchulepo. Nanga ndani kuno angataye chimanga? A Filomena anachipeta bwinobwino n'kumawazira nkhuku zawo m'mawa uliwonse.

Mazira anayamba kumveka kafungo ka nkhungu, iwo n'kumati ndi chinyezi cha dzinja. Tsiku lina Zilole anagwa pakhonde n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa.

"Tinkanena ife!" anakuwa agogo ake a Zilole, amayi awo a Filomena. "Wamupatsa khunyu mwana ndi mazira akowo!"

Mawuwo anawapweteka koopsa, chifukwa nawonso anayamba kukhulupirira. Koma m'mawa mwake anaona tambala wawo akudzandira pabwalo, kenako n'kugwa, akuphupha chimodzimodzi. Tambala ameneyo sanadyepo dzira. A Filomena anapita kukanunkhiza dengu lija, ndipo fungo lake linali lomwe lija la m'mazira.

Anapha nkhuku zonse, nakumba dzenje kuseri kwa nkhokwe. Amuna awo, a Alufeo, anagwira m'mutu.

"Amake Zilole, ndiwo yonseyi ipite pansi? Tisiyireniko imodzi yokha."

"Chimene chinalowa m'dzira chili m'mnofu momwe," anayankha a Filomena uku akukwirira.

Zilole anachira pang'onopang'ono. Mudzi sunasinthe maganizo, unkatibe anali mazira. Mvula itatha a Filomena anakapempha msoti kwa mnzawo ku Linthipe, n'kumaudyetsa gaga wa chimanga cha m'nkhokwe. Dzira loyamba analiphika, nalidula pakati, nadya theka okha. Anakhala pakhonde kudikira thupi lawo mpaka dzuwa litapendeka. Kenako anamuitana Zilole n'kumupatsa theka linalo, agogo ake akuyang'ana.

Mpaka ukalamba wawo, palibe mwana kapena mdzukulu amene analandira kwa iwo dzira losalumidwako.