Shuga m'Thanki ya a Tcheyamani

Che Usumani Chande anali makaniko wa pa Ulongwe. Galaja yawo inali mtengo wa mango, mgolo wodula pakati wotsukiramo zitsulo, ndi bokosi la masipanala. Anabadwira kwa Kawinga. Ali mnyamata anatsikira ku Sozibele, kunja kwa dziko lino, kukafuna ntchito, n'kukapezeka akusesa m'galaja ya Mgiriki wina. Anasesa zaka ziwiri asanaloledwe kugwira sipanala. Pobwerera kumudzi m'chaka cha 1969 anali ndi chala chimodzi chopindika, koma injini ya petulo anali ataidziwa monga mlimi adziwira munda wake. Mabuku a galimoto sankawawerenga. Ankati injini imanena yokha pamene pakuwawa, bola munthu atseke pakamwa.

Iwo eni pakamwa ankatsekadi. Khadi la chipani ankagula chaka ndi chaka, msonkhano ukaitanidwa ankapita n'kukakhala kumbuyo. Koma anthu a pa Ulongwe akamawakumbuka amayambira pa Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala, m'chaka cha 1978.

Tsiku limenelo dzuwa linali loswa mtengo. Cha m'ma leveni koloko kunatulukira galimoto yoyera yaitali, yakale ndithu, chimkuzamawu chili pa denga. Aliyense ankaidziwa: inali ya Tcheyamani wa chipani wa dera lonselo. Chachilendo chinali chakuti ankayendetsa ndi a Tcheyamani eni ake. Itangoima pansi pa mango paja, injini inanjenjemera, kukwera, kutsika, kukweranso, kenaka zii.

Munatuluka anyamata atatu a chipani, a malaya ofiira. Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kukokamo Bizwick, dalaivala wa galimotoyo, manja atamangidwa ndi chingwe cha khonje. Mlomo wake unali wotupa.

"Che Usumani," anatero a Tcheyamani osapereka n'komwe moni, "dzulo ku Balaka galimoto iyi yandizimira katatu pa geti la msonkhano, pamaso pa alendo ochokera ku likulu. Amayi oimba ndi amene anachita kuikankha. Anthu amaseka. Munthu uyu wathira shuga m'thanki kuti andichititse manyazi. Mutulutse shugayo, ndikamusiye kupolisi umboni uli m'manja."

Masiku amenewo munthu wonenedwa kuti wachititsa manyazi chipani ankatengedwa m'mawa, abale ake n'kukhala zaka osadziwa komwe ali. Che Usumani ankamudziwa Bizwick. Anali mnyamata wa ku Utale, wa ana awiri, wosamala galimoto kuposa malaya ake.

"Ndione kaye, bwana," anayankha.

"Muone chiyani? Ndakuuzani kale matenda ake."

"Ndamva, bwana. Koma shugayo ngati alimo ndimupeza."

Anafunsa ngati galimotoyo imavuta ikamathamanga. A Tcheyamani anati iyayi, pamsewu imauluka, koma ikangoima imachita ngati ya malungo. Che Usumani anagwedeza mutu n'kutsegula boneti. Anthu a pamsika anayamba kuyandikira, koma anaima patali, kutsidya kwa ngalande.

Anayamba ndi mafuta, poti nkhani inali pomwepo. Anamasula kasefa ka petulo n'kukhuthulira zam'kati pa mbale yachitsulo. Petulo atauma pa dzuwa, pa mbalepo panatsala timibulu tofiirira.

"Uyo! Shuga uyo!" anakuwa mmodzi wa anyamata aja, dzina lake Kenneth, n'kumumenya Bizwick khofi la m'khosi.

Che Usumani ananyowetsa chala, kutola timibuluto n'kuika pa lilime. Anatafuna pang'ono, mano n'kuchita kherekhete.

"Dzimbiri ndi mchenga," anatero. "Thanki yakalamba. Mukafuna lawani, bwana."

A Tcheyamani anayang'ana mbaleyo, kenaka anakodola Kenneth. Mnyamatayo analawa n'kulavula.

"Ndiye kuti mchengawo wathira ndi iyeyu," anatero a Tcheyamani.

"Ndi wochepa, bwana. Sungazimitse injini. Chovuta chili pena."

"Chipezeni," anatero a Tcheyamani, mawu atatsika. "Mukapanda kuchipeza ndidziwa kuti mukumubisa, ndipo m'galimoto muno malo alimo a anthu awiri."

Che Usumani anawerama m'boneti kuti nkhope yawo isaoneke. Anachotsa mapulagi onse anayi n'kuwandandalika pa chiguduli. Atatu anali a mtundu wa khofi, monga ayenera kukhalira. Wachinayi, wa kumbuyo kwenikweni, anali wotuwa ngati phulusa. Anayang'ana mapointi oyatsa moto, anali bwinobwino. Mawaya a moto anali athunthu. Anatsegula kabureta, kuuzira timabowo take tonse, kubwezera. Atailiza galimotoyo, inayambanso zomwe zija: kukwera, kutsika, kunjenjemera mpaka kanyumba ka chimkuzamawu pa denga kugwedera.

Nthawi yomweyo azana yoitanira anthu ku mapemphero inamveka kuchokera ku mzikiti. Amuna a mikanjo anayamba kudutsa m'msewu, ena akucheuka, ena akuyang'ana pansi. Che Usumani anali asanaphonyepo swala ya Lachisanu chibwerere ku Sozibele. Anapukuta manja n'kuyang'ana a Tcheyamani.

"Simuchoka pano," anatero a Tcheyamani.

Anabwerera ku injini. Pulagi wotuwa uja ankawavutitsa maganizo. Pulagi amatuwa chotero ngati mpweya wachuluka kuposa petulo. Anachotsa chivundikiro cha kabureta, injini ili kulira, n'kutseka kukamwa kwake ndi chikhatho, osati konse ayi, theka lokha. Injini yabwino ukaitero imabanika. Iyi m'malo mobanika inakhazikika, kulira kwake n'kuwongoka.

Injiniyo inkapuma ndi pena pake, pamalo posayenera.

Anatenga chidutswa cha paipi yothiririra madzi, mbali ina kukhutu, mbali ina kuyendetsa m'mbali mwa injini. Phokoso la fani linkasokoneza. Thukuta linkalowa m'maso. Anamva a Tcheyamani akuuza anyamata aja kuti ikakwana wani koloko azinyamuka. Anayendetsabe paipiyo pang'onopang'ono, mpaka kumbuyo kwa injini, pafupi ndi khoma la chitsulo, anamva kamluzu kakang'ono ngati ka njoka.

"Ndikupempha dalaivala aponde buleki," anatero.

"Womangidwayo?"

"Mwendo sunamangidwe, bwana."

Bizwick anakankhidwira pa mpando. Atangoponda buleki, injini inatsamwa n'kuzima. Che Usumani anapisa dzanja kumbuyo kuja, kutsata paipi yakuda yochokera ku injini kupita ku chigubu cha mabuleki. Zala zawo zinakhudza waya. Unali waya wa chimkuzamawu chija, wochokera ku batire. Wina anaumangirira ku paipiyo ndi kawaya ka mpanda, n'kupotokola zolimba ndi pulayala. Galimoto ikamagwedezeka m'misewu ya fumbi, kawayako kankacheka paipi, mpaka kuboola kunsi kumene diso silifika.

Anadzutsa mutu n'kukumana maso ndi Bizwick. Mnyamatayo anaphethira, n'kuponya diso kwa a Tcheyamani, kenaka pansi. Che Usumani anamvetsa. Womanga wayayo anali mwini wake galimoto.

Anaima kaye, dzanja lili m'injini. Kunena zoona zonse kunali kuvula munthu wamkulu pamaso pa msika. Kubisa kunali kupereka Bizwick. Anamasula paipiyo n'kuitulutsa pamodzi ndi kawaya kake, osakachotsa.

"Matenda ndi awa, bwana."

A Tcheyamani anaitembenuza. Bowo linaonekera. "Wacheka ndi mpeni ameneyu."

"Iyayi, bwana. Mpeni umacheka mowongoka. Taonani mzerewu ukuzungulira paipi yonse, ndipo kawayaka kakuwala pamene kamakhuza. Izi zatenga milungu. Amene anamanga apa anamanga zolimba, pofuna kuti waya wa chimkuzamawu usagwe pa msonkhano. Anachita bwino. Kungoti paipiyi ndi yokalamba, sinapirire."

Kenneth anayang'ana a Tcheyamani, n'kuthawitsa maso msanga. Zikuoneka kuti tsiku lomanga wayalo analipo. Ntchentche inatera pa mlomo wotupa wa Bizwick, iye osatha kuiingitsa. A Tcheyamani anaigwira paipiyo nthawi yaitali, akuisisita ndi chala chachikulu.

"Zitsulo za masiku ano," anatero pamapeto pake. "Ikani ina."

Che Usumani anadula paipi ku chigalimoto chakufa chimene chinali kuseri kwa mango, kuimanga, n'kudutsitsa waya uja pena. Atailiza, injini inalira mosalala. Anatembenuza kasikuluwu ka kabureta pang'ono, n'kuika kapu ya madzi pa boneti. Madzi sanatayike ngakhale dontho. Bizwick anapondanso buleki, injini osasintha.

"M'masuleni," anatero a Tcheyamani. "Aziyendetsa. Ine msana wandipweteka."

Bizwick anayendetsadi, zipsera za khonje zili m'mikono. Sanathokoze, sanacheuke, ndipo Che Usumani anaona kuti wachita mwanzeru. Galimoto itazimiririka ku msewu wa ku Liwonde, Che Usumani anangokhala pansi pa fumbi. Anthu anali akutuluka kale mu mzikiti. Mkazi wawo, Abiti Lukiya, anabwera ndi madzi m'chikho. Anamwa, koma chakudya chinawakanika mpaka mawa lake.

Nkhaniyo sinathere bwino kwenikweni. Galimoto za chipani ndi za anthu ofuna kuoneka bwino kwa a Tcheyamani zinasiya kuima pa mango paja, zinkapitirira mpaka ku Balaka. Kwa chaka chathunthu Che Usumani ankakonza njinga zamoto ndi injini za zigayo, nthawi zina kuwotcherera makasu. Bizwick anagwira ntchito miyezi iwiri yokha, kenaka anati mayi ake akudwala, n'kupita ku Nchalo kukayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe. Sanabwererenso ku Ulongwe.

Che Usumani anagwirabe ntchito mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Anthu akawafunsa za tsiku lija ankangoti inali paipi, n'kusintha nkhani. Bokosi la masipanala anapatsa mkamwini wawo Sadiki, iwo n'kubwerera kwa Kawinga kukalima mpunga. Anamwalira m'nyengo ya dzinja, m'chaka cha 1992, ndipo pa maliro awo galimoto zinachuluka moti zinaima mpaka m'minda ya anthu.