Geti la Apaneba

Chaka chimene ndinkachita lendi ku Area 43, ofesi yathu ya ku City Centre inandibwereka bolodi yoyesera mafunde a foni. Inali yaikulu ngati chitseko cha kabati, yodzaza ndi tizidutswa ta mkuwa. Kompyuta ikatilamula, tizidutswato timabweza mafunde a foni monga galasi libwezera dzuwa, kuwalozetsa kumene netiweki sifika.

Kuseri kwa nyumbayo netiweki inkavuta, ndiye ndinayesera komweko. Koma bolodi singaloze isanadziwe njira imene mafunde akudzera. Umayamba watumiza chizindikiro chodziwika kale, n'kuona mmene chafikira, ndipo mawotchi a makina otumiza ndi olandira ayenera kuyendera limodzi ndendende.

Makina olandira ankandigwirira ndi bambo ena achikulire osamalira maluwa ndi kapinga, amene ankabwera wapansi m'mawa uliwonse kuchokera kumudzi. Ankaima phee pamene ndawauza, osafunsa kanthu.

Masana zonse zinkayenda bwino. Koma m'mawa uliwonse, cha m'ma seveni, manambala a pakompyuta ankabalalika. Ndinaganiza kuti mawotchi akusiyana. Ndinapita ku Area 2 kukagula mawaya atsopano, ndinakonza pulogalamu kangapo, osaphula kanthu. Masabata awiri anatha choncho.

Tsiku lina ndinadandaula mokweza. Bambo aja anayamba akhosomola.

“Pepani amayi, kodi si geti la apanebali?”

“Geti latani, bambo?”

“Akamatulutsa galimoto amalisiya lotsegula. Likatero, foni imagwira apa pampopi. Akatseka, ndimakaimbira mayi akunyumba paja pamtengo wa mapeyala.”

Geti lija linali lachitsulo, lalitali kuposa munthu. Mawa lake ndinayesa lili chitsegukire, ndinayesanso atalitseka. Zinalidi choncho: nalonso linkabweza mafunde, njira n'kusintha. Mawotchi analibe vuto.

“Bwanji simunandiuze kale?” ndinawafunsa.

“Simunandifunse, amayi. Ndimati za kusukuluzi zili ndi eni ake.”

Ndinachita manyazi. Munthu anagwira ntchito pabwalolo zaka zambiri ine ndisanabwere, akudziwa pogwira foni ndi posagwira, koma ine ndinangomuona ngati choimikira makina.

Kuyambira pamenepo ndinakonza kuti kompyuta iziyesanso njira pafupipafupi, ndipo malo oyesera ankasankha ndi iwo. Bolodi inayamba kuloza bwino, moti kwa mwezi wathunthu ankaimba foni atakhala pansi pakhonde la kuseri. Tsiku lobweza bolodi ku ofesi anandithandiza kuinyamula mpaka m'galimoto, n'kundifunsa ngati zoterezi zidzafike kumudzi kwawo. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa.