Kapepala Kofiira pa Bokosi la Nsapato

Nsapatozo zinali zoyera, za lamba wopyapyala ndi kaduwa kutsogolo. Ndinaziona m'sitolo ina m'tauni ya Ndola, chaka chimene ndinkakonzekera kulandira Ukaristia woyamba pa Khirisimasi. Aphunzitsi a katekisimu anali atanena mosapita m'mbali kuti mtsikana wopanda nsapato zoyera adikire chaka chamawa. Ine ndinali nditadikira kale chaka chathunthu, anzanga a kwathu ku Twapia atandisiya. Mpaka lero aphunzitsi aja ndikawakumbukira mtima umandiwawa. Kodi Mulungu amayang'ana kumapazi?

Amayi anaona mtengo n'kungoti, "Tiyembekeze selo." Koma za saizi yanga zinali zitatsala zomwezo basi. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anakalowetsa bokosilo kuseri kwa majombo a anthu a kumigodi, kumene kunali fumbi lokhalokha. Azimayi ambiri ankatero nyengo imeneyo: ubise chako, udzachitenge mitengo ikatsika. Loweruka lililonse tinkapita kukazizonda ngati wodwala, ine mtima uli phaphapha mpaka dzanja la amayi litakhudza bokosi.

Selo inayamba sabata la Khirisimasi, mvula ikugwa. M'sitolo munkanunkha thukuta ndi zitenje zonyowa, anthu akukankhana ndi zigongono, nyimbo zili pamwamba. Bokosi lililonse linali ndi kapepala kofiira ka mtengo watsopano. Lathu tinalipeza pamalo pake, ndipo ndinalikumbatira mpaka polipirira.

Mtsikana wolandira ndalama analitembenuza kawiri. "Bamayo, ishi tashili pa selo," anatero m'Chibemba, kutanthauza kuti izi sizili pa selo. Panalibe kapepala kofiira. Antchito anamata mabokosi okhawo amene ankawaona, ndipo lathu, pobisika bwino chonchija, analidumpha. Amayi anachonderera m'Chibemba chawo chopotoka chija chimene ife ana tinkachiseka kunyumba, koma apamzere anayamba kukuwa kuti tifulumire. Ndalama zimene zinali m'manja mwa amayi zinali za mtengo wa selo, osapitirira.

Tinabwerera ku mashelefu. Amayi anandikhazika pa kabenchi, nagwada ngati akundiyesa nsapato. "Iwe, yang'ana phazi lako," anandinong'oneza. Sindinamvere. Ndinaona chikhadabo chawo chikukanda pang'onopang'ono kapepala kofiira pa bokosi lina, thukuta likutsika m'khosi. Kenako anakanikiza kapepalako pa bokosi lathu ndi chala chachikulu.

Tinakaima pamzere wa wolandira ndalama wina. Ameneyu sanatiyang'ane n'komwe. Pakhomo mlonda anatenga lisiti, kuyang'ana bokosi, kuyang'ana amayi, ndipo iwo anandifinya dzanja mpaka zala zinachita dzanzi. "Piteni, bamayo," anatero mlondayo. Tinakwera minibasi kubwerera kwathu.

Pa Misa ya Khirisimasi ndinayenda kupita kuguwa nsapato zikulira kwe kwe pa simenti. Pobwerera ndinawafunafuna amayi pamzere wa akuluakulu. Munthu amene sankaphonya Ukaristia ngakhale akudwala malungo anali atakhala yekha pa benchi, manja pamiyendo, anzawo a m'bungwe akuwalambalala. Anakhala choncho Lamulungu lililonse mpaka Pasaka.

Tsiku la Khirisimasi lija ndinawakwiyira kwambiri. Ndinawamwetulira, ndinapondaponda pansi kuti amve kulira kwa nsapato, koma iwo osadzutsa mutu. Ndinkadabwa kuti amayi, amene anazivutikira nsapatozo chotero, bwanji sakufuna n'kuziyang'ana komwe.