Ndawakha Mpira wa Limbani

Moni nonse ana anga, tamvani za lero.

Ndinapita kukaonera mwana wanga Limbani akusewerera timu ya mzinda wathu, kiriketi yaifupi ija. Mpira womaliza adani aumenya m'mwamba, ukubwera kumene ndakhala. Limbani akuuthamangira, akukuwa, "Ababa, chokani!"

Ine goloboyi wakale wa ku Kawale ndithawe mpira? Ndalumpha chingwe cha malire n'kuuwakha ndi manja awiri. Ndikudikira kuti andiwombere m'manja, bwalo lonse zii! Kani akanauwakha iye tikanapambana. Woimbira wapereka mapointi kwa adaniwo, taluza.

Mawa kochi agamula ngati Limbani atsale m'timu. Mwanayo foni yanga sakuyankha. Amayi anu akuti ndikapepese kwa kochiyo, mwana wa dzulodzulo. Chabwino, ndipita. Koma tandiuzani, ndikagwade, kapena kuvula chipewa n'kokwanira?